Besi ikagunda pena n'kusowa pena: kukonza vuto la sabuwufa m'chipinda chomvetseramo nyimbo

Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri kwa anthu amene agula sabuwufa yapamwamba, bokosi la sipika lotulutsa mawu otsika okha, ndi lakuti besi, mawu otsikawo, sikhazikika. Munthu akakhala pa sofa besi imasowa, koma akaimirira pakhomo kapena akatsamira khoma lakumbuyo, imagunda mpaka magalasi a mawindo kunjenjemera. Ena amadandaula kuti noti imodzi ya gitala ya besi imafufuma kuposa zinzake, moti ngakhale woimba azikwera ndi kutsika, khutu limangomva kugunda kumodzi komweko. Zikatere ambiri amafulumira kuweruza kuti bokosi lawo ndi lofooka, ndipo amayamba kufunafuna lina lalikulu. Kugula kuyenera kubwera kumapeto kwenikweni, chifukwa pa mawu otsika kwambiri chipinda ndicho chimalamula, ndipo bokosi lalikulu likaikidwa pomwe panali laling'ono limangokuza vuto lomwe lija.

Zimene chipinda chimachita ndi besi

Mawu amayenda mumpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Funde limodzi la mawu a 1000 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi imodzi) ndi lotalika masentimita 34 okha, koma la 80 Hz limapitirira mamita 4, ndipo la 40 Hz limakwana mamita 8.6. Kutalika kumeneku kukufanana ndi kukula kwa zipinda zomwe anthu amakhalamo, choncho funde likagunda khoma n'kubwerera limakumana ndi linzake lomwe langotuluka kumene m'bokosi. Pamene awiriwa agwirizana mawu amakula, ndipo pamene atsutsana amafafanizana, komanso malo amenewa sasuntha. Amene anagwedezapo madzi m'beseni anaziona: m'mphepete madzi amakwera ndi kutsika kwambiri, pomwe pakati amangodutsa osakwera kwenikweni. Mpweya wa m'chipinda umachita chimodzimodzi, ndipo popeza khutu limamva kupanikizika ndi kumasuka kwa mpweyawo, besi imakula kumakoma n'kuchepa m'malo ena a pakati.

Manoti omwe chipinda chanu chimakuza mungathe kuwadziwa ndi tepi yoyezera ndi masamu ochepa. Yezani mtunda wa pakati pa makoma awiri oyang'anizana, muuwirikize kawiri, kenako mugawe 343 ndi yankho lomwe mwapeza. Nambala yotulukayo, pamodzi ndi zomwe zimabwera mukaiwirikiza kawiri kapena katatu, ndiyo manoti a chipindacho. Tiyerekeze chipinda cha mamita 5 m'litali, 4 m'lifupi ndi 2.5 kuchoka pansi kufika ku siling'i. M'litali tipeza 34 Hz, 69 Hz ndi 103 Hz, m'lifupi tipeza 43 Hz ndi 86 Hz, ndipo msinkhu utipatsa 69 Hz. Onani kuti 69 Hz yatuluka kawiri, chifukwa 2.5 ndi theka la 5. Pa gitala ya besi ya zingwe zinayi, noti imeneyi ndi C sharp ya pa fret yachinayi ya chingwe cha A (fret ndi kachitsulo kogawa manoti pa khosi la gitala), ndipo m'chipinda chotere ndiyo imatsala ikulirabe woimba atapita kale ku noti ina. Nayo 43 Hz ili pafupi kwambiri ndi F ya pa fret yoyamba ya chingwe cha E. Chipinda chomwe m'litali, m'lifupi ndi msinkhu n'zofanana ndicho chovuta kuposa zonse, popeza manoti a mbali zitatu amaunjikana pamodzi.

Vutoli limakula pansi pa malire omwe anawafotokoza Manfred Schroeder, katswiri wa sayansi ya mawu wa ku Germany, omwe m'zipinda za m'nyumba amagwera cha pa 200 Hz, kutengera kukula kwa chipinda ndi katundu amene ali m'katimo. Pamwamba pa malirewo manoti a chipinda ndi ochuluka ndi othithikana, ndiye amasakanikirana mosalala, koma pansi pake ndi ochepa, otalikirana, ndipo iliyonse imamveka payokha. Makoma a njerwa ndi a konkire amabweza pafupifupi besi yonse, pomwe makoma opepuka a mabolodi amameza ina n'kulola ina kutuluka. N'chifukwa chake chipinda chomangidwa molimba chimakhala chovuta kuweta kuposa chooneka chopepuka.

Yambani ndi menyu musananyamule kanthu

Pali zolakwika zingapo za m'makonzedwe zomwe zimamveka ngati vuto la chipinda, ndipo palibe chifukwa chopwetekera msana kukankha bokosi lolemera musanazichotse. Onani kaye ngati masipika akutsogolo alembedwa kuti Large kapena Small mu menyu ya risiva, chida chomwe chimagawira mawu ku masipika onse. Large amauza risiva kuti itumize mawu onse ku masipikawo, mpaka otsikitsitsa, ndipo pa marisiva ambiri, mukamamvetsera nyimbo za sitiriyo masipika ali pa Large, sabuwufa silandira kanthu. Aikeni pa Small ngakhale akhale aakulu oima pansi, ndipo crossover, malire pomwe masipika amasiyira sabuwufa mawu otsika, muiyambire pa 80 Hz, nambala yomwe kampani ya THX inaika ngati muyezo wa makina oonetsera mafilimu kunyumba. Masipika ang'onoang'ono angafune 100 kapena 120 Hz.

Cholakwika china ndi kusefa kawiri. Ngati risiva yadula kale mawu pa 80 Hz, ndipo kabatani ka crossover kuseri kwa sabuwufa nako kali pa 80 Hz, zosefa ziwirizi zimaphatikizana n'kusiya dzenje, kutanthauza manoti ofooka, pomwe sabuwufa imayenera kupatsirana ndi masipika. Potokolani kabataniko mpaka kumapeto, kapena lowetsani waya pabowo lolembedwa LFE, lomwe pa masabuwufa ambiri limalambalala chosefa cha m'kati. Musasokoneze crossover ndi malo ena a mu menyu olembedwa LPF for LFE, omwe amakhudza njira yapadera ya besi ya m'mafilimu. Njira imeneyi imafika pa 120 Hz ndipo iyenera kusiyidwa pomwepo. Kwa amene ali ndi ampulifaya ya sitiriyo yopanda zosefa nkhani ndi ina: masipika awo amaimba mpaka pomwe angathe, choncho kabatani ka pa sabuwufa kaikidwe cha pomwe masipikawo amayambira kufooka, komwe kawirikawiri ndi pansi kuposa momwe anthu amaganizira.

Palinso kavuto kamene kamazunguza ambiri usiku. Sabuwufa yomwe ili pa Auto imagona ikapanda kulandira mawu okwanira, motero voliyumu ikakhala pansi besi imatha mwadzidzidzi nyimbo ili m'kati, n'kubweranso pakapita kanthawi. Kwezani mlingo wa sabuwufa mu risiva ndipo mutsitse gain, kabatani kokwezera mawu, pa bokosilo mofanana, kuti mawu ofika pa waya akhale amphamvu koma kamvekedwe kasasinthe. Zikakanika, isiyeni pa On.

Mpando, kenako bokosi

Mpando ndiwo wosavuta kusuntha, ndipo umasintha zambiri kuposa momwe anthu amayembekezera. M'chipinda cha mamita 5 chija, munthu wokhala pa mamita 2.5, pakati penipeni, ali pomwe 34 Hz imafooka kwambiri pamene 69 Hz ya m'litali ili pachimake, ndiye amamva besi yofufuma koma yopanda kuya. Wokhala mutu uli pafupi ndi khoma lakumbuyo amalandira manoti onse a m'litali ali pachimake nthawi imodzi. Ambiri odziwa ntchitoyi amayambira pa 38 peresenti ya kutalika kwa chipinda kuchokera ku khoma limodzi, komwe m'chitsanzo chathu ndi mamita 1.9. Nambala imeneyi ndi poyambira chabe, ndipo kukankha sofa masentimita 30 kutsogolo kapena kumbuyo kumamveka ndi khutu popanda chida chilichonse. Chomwe mpando sungathetse ndi ichi: kuti sitiriyo imveke bwino mumayenera kukhala pakati pa makoma a m'mbali, ndipo pakati pomwepo ndi pamene 43 Hz imafooka, pomwe wokhala kumapeto kwa sofa akuimva yambiri. Anthu awiri angatsutsane za makina amodzi omwewo, aliyense akunena zoona.

Pofunafuna malo a sabuwufa pali njira yooneka yoseketsa koma yodalirika, ndipo imagwira ntchito chifukwa mukasinthanitsa malo a khutu ndi a bokosi, kamvekedwe ka besi kamakhala komweko. Ikani sabuwufa pa mpando womwe mumakhalapo, moikweza kufika cha pomwe pamakhala mutu wanu, ndipo musankhe nyimbo yomwe besi yake imayenda m'manoti ambiri, osati ya ng'oma yogunda noti imodzi. Kenako kwawani motsata makoma, mutu uli pafupi ndi pansi pomwe bokosi lingadzakhale. Mudzamva kuti pangodya besi ndi yaikulu, mukayandikira pakati pa khoma yachepa, ndipo pena noti ina yazimiririka ngati woimba wailumpha. Musasankhe pomwe yakula kwambiri. Sankhani pomwe manoti onse akumveka ofanana kukula, moti mungathe kutsatira zala za woimba kuchoka pa noti ina kupita pa ina. Matani katepi pansi pa malo awiri kapena atatu otere, tsitsani bokosi, ndipo muyese malo aliwonse mutakhala pa mpando. Poyesa zonsezi chitseko chikhale momwe chimakhalira mukamamvetsera, chifukwa chitseko chotsegula chimalumikiza chipinda ndi mpweya wa kuseri kwake n'kusintha manoti otsikitsitsa.

Ngodya ili ndi mbiri yoipa yomwe siiyenera yonse. N'zoona kuti sabuwufa ya pangodya imadzutsa manoti onse a chipinda, koma imaperekanso mawu ambiri ampulifaya isanavutike, ndipo zofufumazo zimatha kudulidwa pambuyo pake. Pakati pa khoma lakutsogolo pali ubwino wina: bokosi likakhala pomwe noti yoyamba ya m'lifupi ilibe mphamvu, notiyo siidzuka, ndipo onse okhala pa sofa amamva zofananako.

Dzenje la pa crossover

Nthawi zina besi yotsikitsitsa imamveka bwino, ya m'mafilimu imagwedeza mpando, koma ng'oma yopondedwa ndi phazi ilibe nkhonya ndipo mawu a amuna amamveka opyapyala. Apa vuto limakhala pamalo opatsirana. Cha pa 80 Hz sabuwufa ndi masipika amaimba noti imodzi limodzi, ndipo ngati mafunde awo afika pa khutu lanu lina likukankha lina likukoka, amafafanizana. Theka la funde la 80 Hz ndi mamita 2.1 okha, choncho kusiyana kotere pakati pa mtunda wochoka pa sabuwufa kufika pa khutu ndi wochoka pa masipika kufika pa khutu n'kokwanira kuzimitsa notiyo.

Lizani liwu losasintha la 80 Hz, kapena la nambala yomwe mwaikapo crossover, mukhale pa mpando, ndipo wina asinthe switchi ya phase, yomwe imatembenuza kukankha ndi kukoka kwa sabuwufa, kuchoka pa 0 kupita pa 180. Pomwe mawu amveka okulirapo ndi pomwe muyenera kusiya. Ngati kusiyana n'kochepa, ndiye kuti malo onse awiri sali olondola, ndipo muyenera kugwiritsa ntchito mtunda wa sabuwufa mu menyu ya risiva, n'kumausintha masentimita 30 nthawi iliyonse. Khutu limazindikira msanga pomwe mawu azimira kuposa pomwe akula, choncho n'kosavuta kutembenuza phase dala, kufufuza mtunda womwe notiyo yazimira kwambiri, kenako n'kubweza switchi. Apa pali msampha wina. Risiva ikadziyeza yokha ndi maikolofoni, kawirikawiri imalemba mtunda wa sabuwufa wotalika kuposa womwe tepi ikuonetsa, ndipo eni ake amaukonza poganiza kuti makina alakwitsa. Sanalakwitse. Zosefa ndi kompyuta yaing'ono ya m'kati mwa sabuwufa zimachedwetsa mawu pang'ono, ndipo kuchedwa kwa milisekondi imodzi n'chimodzimodzi ndi kutalikitsa bokosi masentimita 34.

Dzenje lofanana nalo lingachokerenso ku khoma la kuseri kwa masipika akutsogolo. Besi imatuluka mbali zonse, ndiye ina imapita kumbuyo, kugunda khoma, n'kubwerera itatsutsana ndi yomwe ikupita kutsogolo. Noti yozimayo imapezeka pogawa 343 ndi mtunda wa kuchoka kumaso kwa sipika kufika ku khoma wowirikizidwa kanayi. Mita imodzi imapereka 86 Hz, pamalo oipa kwambiri. Kuyandikiza sipika kufika masentimita 50 kumakweza dzenjelo kufika cha pa 172 Hz, pomwe chomeza mawu chokhuthala choikidwa pakhomapo chingathandize.

Kuyeza, ndi malire a EQ

Khutu limatopa ndipo limazolowera zoipa, motero amene waika ndalama zambiri m'makina ake ndi bwino akhalenso ndi maikolofoni yoyezera. Pulogalamu yaulere ya Room EQ Wizard, yolembedwa ndi John Mulcahy, pamodzi ndi maikolofoni ya USB monga UMIK-1 ya miniDSP, imaliza mawu okwera pang'onopang'ono kuchoka pansi n'kujambula mzere wosonyeza kukula kwa noti iliyonse pomwe pali mutu wanu. Mzerewo umakhala ndi mapiri ndi maenje, ndipo nambala zake zimafanana modabwitsa ndi zija munawerengera ndi tepi. Chithunzi china cha mu pulogalamuyi, chotchedwa waterfall, chimaonetsa manoti omwe amachedwa kuzima. Yezani pa malo angapo ozungulira mutu, osati pamodzi, kuti musakonze vuto lomwe limatha mukangopendeka.

EQ, njira yokwezera kapena kutsitsa manoti osankhidwa, kaya ya pamanja kapena yodzichitira yokha monga Audyssey ndi Dirac Live, imadula mapiri bwino kwambiri, ndipo kudula phiri limodzi la 69 Hz kungasinthe makina onse. Koma siingakwirire dzenje lobwera chifukwa cha kufafanizana, popeza mukakweza funde lopita mwakwezanso lobwerera, ndipo awiriwa amafafanizanabe. Kukweza ndi 3 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu) kumafuna mphamvu ya ampulifaya yowirikiza kawiri, ndipo 10 dB imafuna yowirikiza kakhumi, choncho wokakamira kudzaza dzenje amangotenthetsa ampulifaya ndi kuvutitsa sipika popanda phindu. Dzenje limachoka posuntha mpando kapena bokosi. Lopapatiza kwambiri mungathe kulisiya, chifukwa khutu silidandaula nalo monga limachitira ndi phiri.

Ngati zonsezi zachitika koma mipando ikusiyanabe, apa ndi pomwe kugula kuli ndi tanthauzo, ndipo choyenera kugula ndi sabuwufa yachiwiri, osati yaikulu. Mu 2002 Todd Welti wa ku kampani ya Harman anaonetsa ku msonkhano wa bungwe la Audio Engineering Society kuti m'chipinda cha ngodya zinayi, masabuwufa awiri oikidwa pakati pa makoma oyang'anizana amafananitsa besi ya mipando yosiyana pafupifupi mofanana ndi anayi. Chifukwa chake n'chomveka: pa noti yoyamba ya m'litali, mpweya ukamapanikizika ku khoma lina umakhala ukumasuka ku linalo, ndiye mabokosi awiri okankha nthawi imodzi kumakoma onsewo amalepheretsa notiyo kudzuka. Mipando ikafanana, EQ imodzi imathandiza onse.

Za siponji yomata kumakoma tinene mwachidule. Zomeza mawu za mtundu umenewu zimagwira bwino pomwe mpweya ukuyenda mwaliwiro, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde kuchoka ku khoma. Pa 69 Hz mtunda umenewu ndi pafupifupi mamita 1.25, choncho siponji ya masentimita 5 siikhudza besi konse. Imameza mawu okwera okha, chipinda n'kumveka chopanda moyo, kufufuma kwa besi n'kuonekera kwambiri kuposa kale. Mathireyi a mazira sathandizanso. Chomwe chimathandiza ndi ubweya wa miyala kapena wa galasi wokhuthala kwambiri, woikidwa m'ngodya kuchoka pansi kufika ku siling'i, ndipo pa manoti otsikitsitsa pamafunika zomeza zopangidwira noti imodzi, monga za bolodi yogwedezeka kapena za mtundu wa Helmholtz, zomwe ndi bokosi lokhala ndi kabowo.

Kung'ung'uza, kugwedera ndi mlingo

Sabuwufa ikamang'ung'uza nyimbo isakulira, pa 50 kapena 60 Hz kutengera magetsi a dzikolo, zulani waya wa mawu kuseri kwake koma muisiye yoyaka. Phokosolo likapitirira, vuto lili mu ampulifaya ya sabuwufa kapena m'magetsi ofikamo, ndipo iyenera kuonedwa ndi wodziwa kukonza. Likatha, ndiye kuti pali njira ziwiri za ethi (waya wa chitetezo wolumikiza chida ku nthaka) zomwe zapanga mzere wozungulira. Bwezani wayayo, lumikizani sabuwufa ndi risiva ku soketi imodzi, kenako muzizula zida zina chimodzichimodzi, kuyambira ndi waya wa eriyo kapena wa dishi wolowa mu TV kapena mu dikoda, womwe ndiwo umapezeka wolakwa kawirikawiri. Kachipangizo kolekanitsa ethi pa waya wa eriyo kapena pa waya wa mawu kamathetsa vutoli, ndipo ngati zida zonse ziwiri zili ndi mabowo a XLR, olowetsamo pulagi ya waya wa mawu ya mano atatu, gwiritsani ntchito amenewo. Musathyole kapena kuchotsa dzino la ethi pa pulagi. Phokoso lingathe, koma tsiku lomwe waya wamoto adzakhudze chitsulo cha bokosi, magetsi adzadutsa mwa amene waligwira.

Kugwedera nthawi zambiri sikuchokera mu sabuwufa. Lizani mawu okwera pang'onopang'ono kuchoka pa 20 kufika pa 120 Hz, muime pa noti yomwe yayambitsa phokoso, ndipo muziyenda mukugwira zinthu ndi dzanja: chimango cha chithunzi, chitseko cha kabati, chotchingira babu, galasi la windo. Pomwe dzanja latontholetsa phokoso, ikani kachidutswa ka labala kapena ka nsalu. Pansi pa matabwa pamanjenjemera limodzi ndi bokosi, ndipo mapazi a labala ofewa amachepetsa zimenezi pamodzi ndi kugunda komwe kumafika kwa okhala chipinda cha pansi. Phokoso la mpweya wofwenthera pabowo la sabuwufa yokhala ndi bowo ndi chizindikiro chakuti yakakamizidwa kuimba motsika kapena mokweza kuposa mphamvu yake, ndipo apa onaninso ngati EQ sikukweza dzenje lina mobisa.

Mlingo uikidwe pomaliza. Marisiva ambiri amatulutsa phokoso loyezera lomwe liyenera kufika 75 dB pa mpando kuchokera ku sipika iliyonse, ndipo pamenepo ndi poyambira. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti voliyumu ikatsika, khutu limataya besi msanga kuposa mawu a pakati, choncho mlingo wokomera usiku umakhala wopyola muyeso masana mukakweza. Ukonzeni pa voliyumu yomwe mumamvetsera nthawi zambiri. Ngati mutatsinzina mungathe kuloza pomwe pali sabuwufa, ndiye kuti mlingo wakwera, crossover yakwera, kapena china chake pafupi ndi bokosi chikugwedera. Ndipo nthawi iliyonse mukasuntha sofa kapena bokosi, kuyeza kuyambirenso, chifukwa mtunda ndi EQ zomwe risiva inasunga ndi za malo akale.